Mpata Pakati pa Zilembo

Lachinayi, belu lachitatu litalira,
ana makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi
athithikana pa makompyuta khumi ndi atatu.
Awiri mwa amenewa adafa kale,
tidawafunditsa chitenje kuopa fumbi la Okutobala.

Ndikuti, "Gwirani mbewa."
Kalasi lonse lafa nalo phwete.
"Aphunzitsi, ife a Kum'mawa
mbewa tidayamba kugwira tisanamere mano!"
Ameneyo ndi Zondwayo wa kumbuyoko,
pakamwa pake sipatsekeka
ngati msika wa Kapata kumapeto kwa mwezi.

Ntchito ya lero: positala ya tsiku la masewera.
Tsiku, malo, nthawi. Basi.
Koma mwana ukam'patsa mitundu yonse ya padziko
amaifuna yonse:
chofiira pa chobiriwira, chikasu pamwamba pake,
zilembo za michira, zilembo za minga,
mpira, chikho, nyenyezi,
kambuku wosadziwika kwawo.
Tikambenji wapakira tsamba lake
ngati kanta wopita ku Lundazi,
katundu mpaka kudenga, nkhuku zili lende.
"Tsitsako ena, mwanawe.
Diso nalo limafuna pokhala."
Wafufuta nyenyezi imodzi yokha,
nkhope ili ndwii ngati ndam'landa chake.

Cha pawindo pali Malizani.
Sadakhudze mtundu ndi umodzi womwe.
Zilembo zakuda pa tsamba loyera,
ndipo akukankha W kuti ayandikire A,
pang'ono,
pang'ononso,
kenako n'kum'bweza kotalika ngati tsitsi limodzi.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Atate."

Atate ake, akutero, amalemba makoma.
Mabutchala, mometera, zigayo,
kuyambira ku Mchini mpaka njira ya ku Mwami.
Zaka makumi atatu ndi burashi
ndi chingwe chopaka makala chowongolera mzere.
Lero eni masitolo amapita kwa a makina,
ola limodzi chinsalu chatuluka, chonyezimira,
ndipo zitini za penti zauma pansi pa bedi.
"Adandiuza kuti, pita,
chinthu chimene chandilanda ntchitocho
ukachiyang'ane m'maso."

Ndisanapeze choyankha
malaiti thi!

Katatu konse ndidanena, sungani ntchito yanu.
Palibe adasunga.
Magalasi onse bii,
m'kati mwake nkhope zawo zomwe zikuwayang'ana,
kambuku wa Tikambenji wabwerera kuthengo.
Wina akutukwana a Zesiko chapansipansi,
ine ndikuchita ngati sindidamve.

Malizani wadzuka osapempha.
Watenga choko pa tebulo langa,
wachithyola pakati, wachigoneka cham'mbali,
wayesa bolodi ndi chikhatho, kanayi,
n'kuyamba.

M woyamba waima ngati munthu wokhuta.
A watsamira pomwe ayenera kutsamira.
Dzanja silikufunsa munthu njira.
Fumbi loyera likugwera pa nsapato zake zong'ambika,
ndipo pansi pa mawuwo wasiya malo aakulu,
opanda kanthu,
oti diso lifikepo, likhale, lipume.

Ngakhale Zondwayo ali chete.

Ine, wa satifiketi ya ku koleji,
ndadzipeza nditakhala pa benchi la ana
pakati pa Tikambenji ndi khoma,
mawondo akugunda desiki.
"Bwerezanso S uja," akutero wina.
"Waukhotetsa bwanji?"

Madzulo, njinga zonyamula anthu zikundilizira belu,
phiri la Kanjala layamba kuda.
Ndaima pa golosale ina
imene ndakhala ndikuidutsa zaka zisanu ndi chimodzi.
TIYESEKO, penti yabuluu yosuluka ndi mvula.
Pakona, m'munsi, kadzina kakang'ono
konga nyerere: F. Mvula.

Mwini golosale wasuzumira:
"Mufuna chiyani, aphunzitsi? Shuga watha."
Ndati ayi, palibe,
ndikungoona mpata
umene uli pakati pa Y ndi E.